Mmene Woyendetsa Ndege wa ku Malawi Angapezere Visa ya Ntchito ku Makampani Akuluakulu

Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota mabanja ophunzitsa mwana kuyendetsa ndege ndi owerengeka, ndipo amene anayesa amadziwa mtengo wake. Poloti ya ku Senga Bay imagulitsidwa, ndalama za nzimbe za ku Dwangwa zimathera komweko, mwana n'kubwerako ku South Africa kapena ku Kenya ndi laisensi m'manja. Akayamba kufunsira ntchito pa intaneti ku Delta, British Airways kapena Ryanair, kalata yokana imafika tsiku lomwelo. Achibale amayamba kunong'onezana kuti mwina sukuluyo inali yachinyengo. Kawirikawiri sukulu ilibe mlandu. Pa fomu pamakhala funso lakuti kodi muli ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'dziko lino, ndipo mukangoyankha kuti ayi, kompyuta imakuchotsani pamzere munthu aliyense asanaone maola amene mwauluka.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi pasipoti ya Malawi yokha. Musanawerenge zambiri, gwirani ichi: laisensi, ntchito ndi visa ndi zinthu zitatu zosiyana, zochokera ku maofesi atatu osiyana. Laisensi imachokera ku bungwe loyang'anira za ndege, ntchito imachokera ku kampani, visa imachokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Visa ya ntchito imabwera kumapeto, ndipo pafupifupi kulikonse siingapemphedwe popanda kampani imene yakulembani.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti yotsala ndi zaka zosachepera ziwiri komanso masamba opanda zidindo. Mayiko ambiri amafuna miyezi 6 yokha, koma ndondomeko yonseyi ikhoza kudya chaka.
- Laisensi yogwirizana ndi malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse: CPL (laisensi yoyendetsera ndege molipidwa) yokhala ndi instrument rating (chilolezo chouluka modalira zida za m'ndege) ndi multi-engine (cha ndege za injini zoposa imodzi), kapena ATPL (laisensi yapamwamba kwambiri).
- Chikalata cha thanzi cha Class 1 chomwe sichinathe.
- Umboni wa Chingelezi cha ICAO, Level 4 kapena kuposa, wolembedwa pa laisensi.
- Logbook (buku lolembamo maola amene mwauluka) yoyambirira, yodindidwa ndi sukulu komanso kampani iliyonse imene munaulukako.
- Kalata yochokera ku bungwe limene linakupatsani laisensi, yotsimikiza kuti ndi yeniyeni.
- Kalata yonena ngati munachitapo ngozi kapena ayi.
- Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ya ku Malawi ndi ya dziko lililonse limene munakhalako nthawi yaitali.
- Satifiketi ya MSCE ndi digiri ngati muli nayo.
- Zikalata za kubadwa, zanu ndi za ana, ndi mtchatho wa ukwati.
- Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever.
- Zithunzi za pasipoti zakumbuyo koyera, ndi mapepala onsewa ojambulidwa bwino mu PDF.
- Ndalama zakunja zolipirira mayeso, madokotala ndi maulendo.

1. Yambani ndi mayina

Yalani patebulo pasipoti, chiphaso cha unzika, satifiketi ya MANEB, laisensi ndi chikalata cha thanzi. Werengani dzina lililonse chilembo ndi chilembo, kenako tsiku lobadwa. Kwathu kuno si zachilendo kuti munthu analemba mayeso a Fomu 4 ndi dzina la amalume amene ankamulipirira fizi, pasipoti n'kutenga ndi dzina la bambo ake, laisensi n'kuwonjezerapo dzina la ubatizo. Ife timadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Wogwira ntchito mu ofesi ya ku Doha akuona anthu atatu.

Ngati pali kusiyana, kakonzetseni ku ofesi imene inalakwitsa. Kumene sizingakonzeke, kalumbireni pamaso pa loya kapena majisitireti kuti mayina onsewo ndi anu, ndipo kalata yolumbirirayo iziyenda limodzi ndi mapepala ena onse.

Chenjezo: musakonzetse pasipoti kudzera mwa madobadoba. Pasipoti yokayikitsa ikagwidwa kunja, mwayi wa ntchito za ndege umatsekeka kotheratu, chifukwa woyendetsa ndege aliyense amafufuzidwa mbiri yake asanapatsidwe chiphaso cholowera mkati mwa bwalo.

2. Dziwani pamene muli

CPL imapezeka ndi maola pafupifupi 200. ATPL imafuna maola 1,500 ndi zaka zosachepera 21, pamene ku America zaka zake ndi 23. Malire a kumtunda pa maulendo a pakati pa mayiko ndi zaka 65. Pakati pa 200 ndi 1,500 pali chigwa chimene ambiri amagweramo, ndipo ndi mayiko ochepa amene amapereka visa kwa mlendo wa maola 250 pamene ana awo a maola omwewo ali pakhomo kudikira ntchito. Boma lililonse limalola kampani kubweretsa mlendo pamene ili ndi chifukwa chonena kuti luso lotere kwawo likusowa. Luso losowalo ndi ukaputeni, kapena maola masauzande pa ndege zolemera zoyendetsedwa ndi anthu awiri.

Choncho gawani maola a mu logbook yanu monga mmene makampani amafunsira: onse pamodzi, amene munali wolamula ndege, a usiku, a instrument, a ndege za injini ziwiri, a turboprop (ndege za mapulopela zokhala ndi injini ya turbine), a jet, a ndege za oyendetsa awiri. Lembaninso tsiku limene munauluka komaliza. Makampani ambiri amafuna munthu amene wauluka posachedwa, ndipo chaka chokhala pakhomo chimachepetsa mphamvu ya maola anu ngakhale atakhala ochuluka.

Kwa anzathu a usilikali, poti Salima ndi kwawo kwa asilikali ambiri: maola a ndege za nkhondo sasanduka okha kukhala laisensi ya ndege za anthu wamba. Muyenera kudutsa ku bungwe loyang'anira za ndege, kulemba mayeso amene angakuuzeni, komanso kukhala ndi kalata yoti munatuluka usilikali mwadongosolo.

Chenjezo: musawonjezere ola ngakhale limodzi. Makampani amaimbira foni kumene munkagwira ntchito, ndipo nambala ya ndege iliyonse ili ndi mbiri yake yolembedwa.

3. Sankhani dziko malinga ndi pasipoti yanu

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tikhalitsepo.

*America.* Delta, United ndi American Airlines amafuna munthu amene ali kale ndi ufulu wogwira ntchito kumeneko, kutanthauza nzika kapena mwini green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika. Sakupempherani visa. Kuyambira 2013, ngakhale wothandizira kaputeni pa makampani onyamula anthu amayenera kukhala ndi ATP (ATPL ya ku America), imene kwa ambiri ndi maola 1,500. Mukaona pa Facebook alendo akunyadira ntchito ku makampani ang'onoang'ono a kumeneko, fufuzani kwawo: ambiri ndi a ku Australia, amene ali ndi visa yawoyawo yotchedwa E-3, yomwe Mmalawi sangaipeze. Visa ya ntchito ya H-1B imaperekedwa kwa anthu 85,000 okha pachaka, ndipo ndi ya ntchito zimene munthu sangagwire popanda digiri ya ntchitoyo, pamene kuyendetsa ndege sikulowa bwino m'gulu limeneli. Maloya ena amatsatsa njira yopezera green card yotchedwa EB-2 NIW kwa akaputeni a zaka zambiri. Ilipodi, koma ndi yodula ndipo palibe angakulonjezeni kuti itheka.

Pamwamba pa izi, khomo la Amalawi lachepa. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba ndi Malawi ndi Zambia pa ndondomeko yofuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa opempha visa yokacheza kapena ya bizinesi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Malawi inaikidwa pa mndandanda wa mayiko oletsedwa mitundu ina ya visa, kuphatikizapo ya ophunzira. Musalipire sukulu ya ndege ya ku Florida kapena Arizona musanafunse ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe mmene zinthu zilili sabata imeneyo.

*Ulaya ndi Britain.* Ryanair, easyJet, Lufthansa, KLM ndi anzawo amafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: laisensi ya kwawo ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito kumeneko. Laisensi ya EASA, bungwe la za ndege la ku Ulaya, ili ndi mayeso olemba 13, kuwonjezera pa kuyesedwa m'ndege ndi kuyezedwa thanzi ku chipatala chawo chovomerezeka. Makampani ena amafunanso chilankhulo, Lufthansa Chijeremani, Air France Chifalansa. Britain inatuluka mu EASA kumayambiriro kwa 2021, ndiye laisensi yake ndi yapayokha. Kukhoza mayeso onse 13 sikukupatsani ufulu wokhala ku Ulaya ngakhale tsiku limodzi. Kuwalemba mulibe ufuluwo kuli ngati kugula injini ya boti mulibe boti. Canada ndi Australia nawonso ali chimodzimodzi pa makampani awo akuluakulu, Air Canada ndi Qantas.

*Mayiko a Aluya.* Ili ndiye khomo lenileni la pasipoti yathu. Emirates ndi flydubai ku Dubai, Etihad ku Abu Dhabi ndi Qatar Airways ku Doha amalemba oyendetsa ndege ochokera m'mayiko ambirimbiri, chifukwa nzika zawo sizikwanira ndege zimene ali nazo. Amalandira laisensi ya ICAO, amakupempherani okha chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo amakuthandizani kusintha laisensi. Chimene amafuna ndi ATPL yathunthu ndi maola ambiri pa ndege zolemera za oyendetsa awiri. Manambala ake amasinthasintha malinga ndi kusowa kwa anthu, nthawi zina amatsegulira ngakhale a turboprop, choncho werengani pa tsamba la kampaniyo, osati zimene mnzanu anamva chaka chatha.

*Asia.* India imalola alendo kudzera m'chilolezo chakanthawi chotchedwa FATA, choperekedwa ndi bungwe lawo la DGCA mutafufuzidwa ndi achitetezo, ndipo visa ya ntchito kumeneko imafuna malipiro oposa mlingo umene boma lawo linaika. Amene amafunidwa kwambiri ndi akaputeni odziwa kale mtundu wa ndegeyo. China imapereka visa ya Z ndipo imadziwika ndi madokotala ovuta kwambiri. Cathay Pacific ku Hong Kong ndi Singapore Airlines amalembanso alendo odziwa ntchito pa nthawi imene akusowa anthu.

*Africa muno.* Ethiopian Airlines imalemba akaputeni akunja pa kontirakiti. Ku South Africa zinthu ndi zolimba kuposa mmene ophunzira athu amaganizira: visa ya sukulu si chilolezo cha ntchito yokhazikika, masiku 30 amene Mmalawi amalowa nawo popanda visa ndi okacheza basi, ndipo Airlink, FlySafair ndi South African Airways amayamba ndi nzika zawo ndi okhazikika m'dzikomo. Ku Maun m'dziko la Botswana, ku Tanzania ndi ku Zambia kuli makampani onyamula alendo okaona nyama pa ndege zazing'ono monga Cessna 206 ndi Caravan. Ambiri anakwezera maola kumeneko, ngakhale nakonso zilolezo za alendo zikuvutiravutira.

Tsono pali malo amodzi amene simufuna visa konse. Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, imayendetsa Q400 ndi Boeing 737. Maola a pa ndege ziwirizi ndi omwe aja amafunidwa ku Dubai ndi ku Doha. Kuona kwanga, wachinyamata amene akunyoza ntchito ya pakhomo chifukwa malipiro ndi a makwacha sakuwerengera bwino. Msewu wa ku Dubai umadzera pa Lumbadzi.

4. Kayezetseni nokha musanafunsire ntchito

Pali kuyeza kwa mitundu iwiri, ndipo anthu amakusokoneza. Koyamba ndi kwa Class 1, kochitidwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi bungwe la za ndege, osati pa chipatala chilichonse cha boma kapena cha mishoni. Chikalata chake chimakhala miyezi 12, ndipo mukafika zaka 60 chimatsika kufika pa miyezi 6. Dziko lililonse limene mukupita lidzakuyezaninso ndi madokotala ake: maso ndi kusiyanitsa mitundu, makutu, mtima, BP, shuga.

Kwachiwiri ndi kwa visa, ndipo nkhani yake ndi yosakoma koma iyenera kunenedwa. Ku United Arab Emirates ndi ku Qatar, wopempha chilolezo chokhala m'dzikomo amayezedwa magazi ndi kujambulidwa pachifuwa. Wopezeka ndi HIV sapatsidwa chilolezocho ngakhale ali pa mankhwala ndipo ali ndi thanzi labwino, ndipo TB, ngakhale chipsera chake chakale, imabweretsa mafunso. Lamulo limeneli ndi la mayiko amenewo, si la ntchito ya ndege kulikonse. Britain imafuna Mmalawi wokakhala kupitirira miyezi 6 ayezetse TB pa chipatala chimene iwo anavomereza.

Kayezetseni mwakachetechete muli kuno. Ndi bwino kudziwa muli ku Salima, n'kusankha dziko lina, kusiyana ndi kukamva zotsatira mutasiya kale ntchito ndi kutsanzika mudzi wonse.

5. Dindani mapepala motsatira dongosolo lake

Kalata ya kupolisi imatengedwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe, atakutengani zidindo za zala. Musafulumire nayo. Makampani ndi maofesi a visa amafuna yatsopano, kawirikawiri ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndiye ikatengedwa msanga imatha ntchito isanapezeke. Ya dziko limene munaphunzirako ndiyo muyambe kuifunsa msanga, chifukwa kuitsata muli kutali kumachedwa.

Zikalata za sukulu, za ukwati ndi za ana zimadutsa masitepe awa: loya amatsimikiza, Unduna wa Zakunja ku Capital Hill umadinda, kenako ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita imadindanso. Malawi ili m'pangano la apostille, lolola mayiko kuvomerezana zikalata ndi chidindo chimodzi, ndiye kwa mayiko amene ali m'panganoli sitepe ya kazembe imadumphidwa. Funsani kampani kuti dziko lawo likufuna njira iti. Mayiko ena alibe kazembe ku Lilongwe ndipo amatiyang'anira ali ku Lusaka, Harare, Pretoria kapena Nairobi, choncho werengerani masiku ndi ndalama zotumizira mapepala.

Chenjezo limene ambiri amaliphonya: chikalata chimadindidwa m'dziko limene chinaperekedwa. Satifiketi ya ku South Africa siingatsimikizidwe ku Capital Hill.

Kalata yotsimikiza laisensi ili ndi njira yakeyake. Nthawi zambiri bungwe la dziko latsopano limalembera lokha bungwe lathu, ndipo yankho limayenda pakati pa maofesi awiriwo osadzera m'manja mwanu. Ntchito yanu ndi kulipira zofunika, kutenga dzina la ofesi imene ikuyankha, ndi kukumbutsa mwaulemu. Kuchokera ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa M14, ndipo kukaonekera nokha kumathandiza kuposa imelo khumi. Kalatayi nayonso imatha: ya ku FAA, bungwe la za ndege la ku America, imagwira ntchito miyezi 6.

6. Funsirani ntchito, ndipo yankhani zoona

Gwiritsani ntchito tsamba lenileni la kampani kapena bungwe lolemba anthu limene kampaniyo yalitchula poyera. Pa funso la ufulu wogwira ntchito, yankhani zoona. Kunama kumangokufikitsani pa sitepe imene adzapempha pasipoti, ndipo dzina lanu limatsala m'kompyuta mwawo ndi chizindikiro choipa.

Kucheza koyamba kumakhala pa vidiyo. Tonse tikudziwa mmene magetsi ndi netiweki zimachitira kunyanja kuno, ndiye tchajani laputopu, gulani bandulo pa manetiweki onse awiri, ndipo pezani chipinda chopanda phokoso la chigayo kapena la njinga za kabaza. Ena amapita kukagona ku Lilongwe chifukwa cha ola limodzi limeneli, ndipo sindiwaona ngati owononga ndalama.

Mukadutsa, adzakuitanani kukayesedwa pa simulator (makina oyerekezera kuyendetsa ndege) ndi kukumana ndi madokotala. Ulendo umenewu mumayenda pa visa yokacheza, imene kampani yeniyeni imakuthandizani kupeza kapena kukupatsani kalata yake. Kuchokera ku Kamuzu International Airport mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Nyamulani khadi lachikasu lija, chifukwa Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko a yellow fever ndipo kutsogolo akhoza kulifunsa. Kuyambira 2016 katemerayu amawerengedwa wa moyo wonse. A ku Nkhotakota, ngati ndi nthawi ya mvula nyamukani kutatsala tsiku lathunthu, poti msewu wa M5 mukuudziwa mitsinje ikadzaza. Logbook yoyambirira iyende m'chikwama cha m'manja.

Za ndalama: kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo madola m'mabanki ndi osowa. Pemphani msanga, mutanyamula invoice ya chimene mukulipira. Madola ogula pamsewu alibe lisiti, ndipo pa bwalo la ndege akhoza kulandidwa.

7. Werengani kontirakiti ngati munthu wokayikira

Kalata ya ntchito ikafika, chisangalalo chimatseka maso. Funani mayankho a mafunso awa, olembedwa. Wolemba ntchito ndi kampani ya ndegeyo kapena bungwe lapakati? Visa akulipira ndani? Maphunziro a mtundu wa ndege akulipira ndani, ndipo ngati pali ngongole yokumangani, ndi ya zaka zingati, mukachoka msanga mubweza zingati? Malipiro ndi a ndalama ya dziko liti? Mukadwala n'kutaya laisensi, pali inshuwalansi? Mukalephera mayeso a kumapeto kwa maphunziro, tikiti yobwerera ndi ya ndani?

Funso lomalizali ndi lofunika chifukwa visa ya ntchito imamangiriridwa ku kampani. Ntchito ikatha, chilolezo chimathetsedwa, ndipo mumapatsidwa nthawi yochepa yoti mupeze ina kapena mutuluke, inu ndi banja lonse. Mu 2020 matenda a Covid-19 ataimitsa ndege, oyendetsa ndege akunja ambiri anabwerera kwawo mwa njira imeneyi.

Chenjezo: musasiye ntchito imene muli nayo chifukwa cha imelo yokuyamikirani. Dikirani kontirakiti yosainidwa, zotsatira za madokotala, tsiku loyambira, ndi chilolezo cholowera m'dzikomo.

8. Visa yeniyeniyo

Mukafika apa, ntchito yaikulu ili m'manja mwa kampani. Titenge chitsanzo cha Dubai. Kampani imapempha chilolezo cholowera ndi kukutumizirani. Mukafika mumayezedwa magazi ndi pachifuwa, amakutengani zidindo za zala, kenako mumalandira Emirates ID, imene kuyambira 2022 inalowa m'malo mwa chomata cha m'pasipoti. Ku Qatar njira yake ndi yofanana ndipo chiphaso chake ndi QID. Ku Britain kampani yokhala ndi chilolezo cholemba alendo imakupatsani Certificate of Sponsorship, inu n'kupempha visa ndi nambala yake. Ku India ndi ku China mumapempha ku ofesi ya kazembe mutanyamula makalata a kampani.

Yanu ndi kutumiza chimene apempha tsiku lomwelo, choonekera bwino. Pasipoti ndi yanu, ndipo ikatengedwa kukadindidwa iyenera kubwerera.

Mukayamba maulendo akutali mudzafunikanso ma visa a ogwira ntchito m'ndege, monga C-1/D ya ku America. Imeneyi imakulolani kutera ndi kunyamukanso ndi ndege ya kampani yanu, si chilolezo chofunira ntchito kumeneko. Uzani kampani msanga kuti pasipoti yanu ndi ya Malawi kuti ayambe kukonza.

9. Sinthani laisensi, koma yakwathu isafe

Visa sikukwezani m'ndege. Bungwe la dzikolo, GCAA ku Emirates, QCAA ku Qatar, CAAC ku China, SACAA ku South Africa, liyenera kuvomereza laisensi yanu. Njira zake ndi ziwiri. Validation ndi chilolezo chakanthawi chotsamira pa laisensi yanu yakale, ndipo yakaleyo ikatha nayonso imagwa. Conversion ndi kupatsidwa laisensi yatsopano ya dzikolo, mutalemba mayeso a malamulo a ndege a kumeneko, kuyezedwa thanzi ndi kuyesedwa pa simulator.

Mulimonsemo, pitirizani kukonzetsa laisensi yoyamba. Onaninso tsiku lothera Chingelezi chanu: Level 4 imayesedwanso pakapita zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko, Level 5 pakapita zaka 6, Level 6 siyesedwanso.

10. Banja

Mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba ndi ana amabwera pambuyo, inu mutalandira chiphaso chanu, ndipo amene amawapempherera ndinu. Apa chinkhoswe chokha sichikwanira. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, koma ofesi ya ku Abu Dhabi singaitane ankhoswe kudzachitira umboni. Kalembetseni ukwati kwa DC kapena kwa Registrar General, mutenge chikalata, chidutse masitepe a zidindo aja. Ana akhale ndi zikalata za kubadwa za NRB, mayina a makolo ofanana ndi a m'mapasipoti. Mwana amene kholo lake lina likutsala kuno amafunika kalata yovomereza ya khololo. Mwana wa mchemwali amene mukumulera, ngakhale akhale wanu motani m'mudzi, sawerengedwa popanda chikalata cha khoti.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Choyamba ndi kulipira visa ntchito isanapezeke. Akathyali amatsegula masamba okhala ndi chizindikiro cha Emirates kapena Qatar Airways, amatumiza kalata yokongola pa WhatsApp, n'kupempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti afulumizitse mapepala. Kampani yaikulu siilemba woyendetsa ndege amene sinamuyese pa simulator, ndipo imelo yake siithera pa Gmail.

Chachiwiri ndi kugula type rating (chilolezo choyendetsa mtundu umodzi wa ndege) ya A320 kapena 737 ndi ndalama za ngongole muli ndi maola 250, poganiza kuti idzatsegula chitseko. Popanda maola enieni pa ndegeyo, imatha pakapita chaka ndipo kuikonzetsa ndi madola enanso.

Ena amalowa m'dziko ngati alendo okacheza n'kuyamba kuuluka kapena kuphunzitsa pamene mapepala akuyenda, chifukwa bwana wanena kuti palibe vuto. Vuto likabwera ndi lanu. Chimodzimodzi kupitirira masiku: ku South Africa wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena zaka zingapo, ndipo woyendetsa ndege amene sangatere ku Johannesburg ndi wovuta kumulemba ntchito m'chigawo chino. Fomu iliyonse ya visa kutsogolo idzakufunsani ngati munakanizidwapo kapena kuthamangitsidwapo, ndipo kubisa ndi mlandu woposa kukanizidwako.

Palinso kusasamala masiku othera. Kalata ya kupolisi, Class 1, Chingelezi, instrument rating, kalata yotsimikiza laisensi ndi pasipoti zimatha nthawi zosiyana, ndipo tsiku limene kampani ikupempha visa zonse ziyenera kukhala zamoyo. Lembani masiku onsewo pa pepala limodzi, mulimate pakhoma, ndipo chilichonse chotsala ndi miyezi itatu muyambe kuchikonzetsa.

Logbook imatayika, imanyowa, imadyedwa ndi chiswe. Jambulani tsamba lililonse mukangodinditsa, musunge pa intaneti ndi kwa mbale wodalirika. Kampani imene munaulukako ikatsekedwa, monga inachitira Air Malawi mu 2013, kupeza wodinda maola akale kumavuta kwambiri, choncho dinditsani ndi kutenga kalata ya maola anu musanachoke pa ntchito iliyonse, ngakhale mukuchoka mutakangana ndi abwana.